Tinasamukira kunja kwa mzinda m'dziko lachilendo ndipo ndikungobindikira m'nyumba: kodi tisamukenso?

Funso

Ine ndi amuna anga pamodzi ndi ana athu awiri, wina wa zaka 9 wina wa zaka 4, tinasamukira m'dziko lina miyezi isanu yapitayo chifukwa cha ntchito ya bambo. Tinapeza nyumba ya lendi kudera lokhalamo anthu kunja kwa mzinda waukulu, chifukwa kumeneko nyumba n'zotsikirako mtengo ndiponso tinamva kuti sukulu zake n'zabwino. Malowa ndi aukhondo komanso abata, koma bambo amatenga galimoto m'mawa n'kubwera usiku, basi imadutsa mwa apo ndi apo, ndipo aneba amangokweza dzanja n'kulowa m'nyumba. Mlungu watha tinalandira kalata yotichenjeza za katayidwe kathu ka zinyalala, moti ndayamba kuganiza kuti anthu kuno sakutifuna. Kodi tipirire, kapena tisamukire mkati mwa mzinda?

Mayi wa ana awiri

Yankho

Mayi, yankho langa mwachidule ndi lakuti musathamangire kusamuka, komanso musangokhala manja lende poyembekezera kuti zinthu zidzasintha zokha, chifukwa kumadera amenewa palibe chimene chimafika chokha pakhomo pa munthu kupatula makalata ndi mabilu. Zimene mwafotokozazi zimachitikira mabanja ambiri obwera kumene, ndipo kawirikawiri zimapweteka kwambiri amene amatsala pakhomo mnzake akapita kuntchito. Popeza malamulo amasiyana malinga ndi dziko, ndipereka zitsanzo za mayiko angapo kumene anthu amakonda kusamukira, ndipo inu mufufuze lamulo lofanana nalo kumene muliko.

Tiyambe ndi mmene malo amene mukukhalawo anamangidwira, chifukwa mukamvetsa zimenezi mtima wanu ukhalako pansi pa nkhani ya aneba. Madera ambiri okhalamo anthu kunja kwa mizinda anakula nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene mabanja wamba anayamba kukwanitsa kugula galimoto. Chitsanzo chodziwika bwino ndi Levittown, kufupi ndi mzinda wa New York, kumene kampani imodzi inayamba kumanga mu 1947, ndipo pofika mu 1951 inali itamanga nyumba zoposa 17,000 zooneka mofanana. Kamangidwe kotereka kanafalikira ku United States, Canada ndi Australia, ndipo malamulo a makhonsolo analekanitsa malo okhala anthu ndi malo a masitolo, maofesi ndi mafakitale. Zotsatira zake n'zakuti munthu woyenda pansi amasowa kolowera, popeza sitolo, chipatala ndi laibulale zili kutali, ndipo palibe amene ali ndi chifukwa chodutsira pakhomo pa mnzake. Neba wanu amakwera galimoto ali m'galaja momwemo, amadina kabatani chitseko n'kutseguka, ndipo madzulo amalowanso chimodzimodzi chitseko n'kutsekeka kumbuyo kwake, phazi lake osaponda mumsewu ngakhale kamodzi. Amachita zimenezi kwa inu, ndipo amachita zomwezo kwa munthu amene wayandikana naye kwa zaka zambirimbiri. Dzanja limene amakukwezeranilo kwa iye ndi moni wokwanira.

Komanso musaganize kuti obwera ndinu nokha m'dera lonselo. Pofika mu 2010, oposa theka la anthu obadwira kunja amene ankakhala ku United States ankakhala m'madera a kunja kwa mizinda ikuluikulu, ndipo kalembera wa mu 2021 wa ku Canada anaonetsa kuti ku Brampton ndi ku Markham, kufupi ndi Toronto, oposa theka la anthu anachita kusamukira m'dzikomo. N'kutheka ndithu kuti misewu iwiri kapena itatu kuchokera panu pali mayi wina amene akuyang'ana pawindo n'kumaganiza zofanana ndi zanuzi.

Mmene ndikuonera, gwero la mavuto anu ndi mayendedwe. Munthu amene sangathe kutuluka m'nyumba pa nthawi imene wafuna sangapeze anzake, sangapite kukaphunzira chinenero, sangakafunefune ntchito, ndipo ngakhale mwana atatentha thupi masana amayamba wadikira kuti bambo aweruke. Choncho ntchito yoyamba imene ndikukupatsani, musanaganize n'komwe zosintha nyumba, ndi kupeza laisensi yoyendetsera galimoto ya dziko limenelo m'dzina lanu. Ngati munkayendetsa kale kumene munachokera, fufuzani lero lomwe kuti laisensi yanuyo ikuloledwa mpaka liti, chifukwa masiku ake amayamba kuwerengedwa pamene munakhazikika m'dzikomo. Ku Britain laisensi yakunja imagwira ntchito miyezi 12, kenako munthu ayenera kulemba ndi kuyesedwa mayeso a kumeneko, pokhapokha ngati laisensiyo ndi ya mayiko amene ali pa mndandanda wololedwa kungosinthitsa, monga South Africa, Zimbabwe, Canada ndi Australia. Ku Germany laisensi yochokera kunja kwa mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya imaloledwa miyezi 6, ku Ontario masiku 60, ndipo ku California munthu amene wakhazikika ayenera kutenga laisensi ya kumeneko pasanathe masiku 10. Popeza miyezi isanu yatha kale, nkhaniyi ikukhudzanso bambo. Munthu akachita ngozi ali ndi laisensi yosaloledwa, kampani ya inshuwalansi ingathe kukana kumulipirira, ndipo mlanduwo ungadzamutsate pamene akupempha kuwonjezera chilolezo chokhalira m'dzikomo.

Ngakhale mutakhala kuti munayendetsa galimoto kwa zaka zambiri, lipirani mphunzitsi wovomerezeka kuti akuyendetseni maulendo angapo, chifukwa amene amalephera mayeso kawirikawiri ndi odziwa kale, amene anazolowera njira zawozawo. Woyesa amayang'ana ngati mwatembenuzadi mutu musanasinthe mbali ya msewu, ngati matayala aimiratu pa chikwangwani choimitsa, ndiponso ngati mwapatsa mpata woyenda pansi amene wangoyandikira powolokera. Ku United States ndi ku Canada, basi ya sukulu ikaima n'kuyatsa magetsi ofiira, galimoto zobwera kumbuyo kwake, ndipo m'misewu yambiri ngakhale zochokera kutsogolo, ziyenera kuima, ndipo chindapusa cha wophwanya lamuloli n'chowawa. Mwana wanu wa zaka 4 ayenera kukhala pampando wake wapadera m'galimoto, ndipo ku Britain lamuloli limagwira mpaka mwana atakwanitsa zaka 12 kapena atatalika masentimita 135, kutanthauza kuti likhoza kukhudzanso wa zaka 9 uja.

Mabanja ambiri akafika apa amathamangira kugula galimoto yachiwiri pangongole, ndipo ine ndimawaletsa kuchita zimenezi m'chaka choyamba. Walira mvula walira matope: galimoto imabwera ndi inshuwalansi, msonkho, mafuta, matayala ndi kukonzetsa, ndipo kwa munthu wobwera kumene zonsezi zimaboola m'thumba kuposa kwa eni dziko. Chifukwa chake n'chakuti mbiri yanu yobweza bwino ngongole simunabwere nayo. Ku United States makampani atatu, Equifax, Experian ndi TransUnion, amasunga mbiri imeneyi, ndipo obwereketsa ambiri amayang'ana nambala yotchedwa FICO, yosonyeza mmene munthu amabwezera ngongole, imene imayambira pa 300 kufika pa 850. Ku Germany ntchito yofananayo imagwiridwa ndi kampani yotchedwa Schufa. Munthu wopanda mbiri amapatsidwa ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri, ndipo ogulitsa galimoto ena amasakasaka dala anthu oterewa, n'kumangowauza ndalama yolipira pamwezi osawauza chiwerengero chonse. Mbiriyo imamangidwa pang'onopang'ono, mwa kutenga kirediti kadi ya ndalama zochepa, kuguliramo zinthu zimene mukanagula kale, ndi kubweza zonse mwezi uliwonse tsiku lisanakwane. Ngati munali ndi inshuwalansi ya galimoto kumene munachokera, pemphani kalata yosonyeza zaka zimene munayendetsa osachita ngozi, popeza makampani ena amaivomereza n'kutsitsako mtengo.

Pakadali pano khalani pansi ndi bambo mufunsane kuti galimoto imene muli nayoyo imagwira ntchito yanji kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. M'mabanja ambiri imangokhala itaimikidwa kuntchito tsiku lonse, pamene munthu amene ali ndi mwana wopita naye kuchipatala, zogula za pakhomo ndi makalasi a chinenero ali pakhomo kusowa chokwera. Madera ambiri oterewa ali ndi siteshoni ya sitima kapena ya mabasi akuluakulu opita mumzinda, ndipo laisensi yanu ikatuluka n'zotheka kuti masiku awiri kapena atatu pamlungu muzikawasiya bambo pasiteshoni galimoto n'kutsala ndi inu. Basi ya apo ndi apo ija musaitayenso. Pezani ndandanda ya nthawi zake, muone kusiyana kwa masiku a ntchito ndi Loweruka ndi Lamlungu, ndipo tsiku lina mukwere ndi mwana mpaka kumene imathera, kuti mudziwe chimene chili m'njira yake.

Tsopano kalata ija. Ndikumvetsa kuti inakupwetekani, chifukwa munthu amayembekezera kuti wakumuona akulakwitsa abwere amuuze pamaso. Kumadera amenewa anthu amalankhulana kudzera m'mapepala, ndipo nthawi zambiri kalata ya zinyalala sichokera n'komwe kwa neba. Otola zinyalala akatsegula bini ya zinthu zokakonzedwanso n'kupezamo zakudya zotsala kapena matewera, amamata chizindikiro kapena kulemba nambala ya nyumba, chifukwa bini imodzi yosakanizika ingachititse kuti katundu yense wa m'galimotomo akanidwe kumene akupita naye. Kalata yofananayo imapita kwa aliyense, ngakhale wobadwira pompo. Onani pamwamba pa kalatayo kuti yachokera kukhonsolo, kwa mwini nyumba, kapena ku bungwe la eni nyumba a m'deralo, limene ku United States amalitchula mwachidule kuti HOA. Mabungwe amenewa ali ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa pa zinthu monga kapinga wosatchetcha, bini yosiyidwa pamsewu tsiku lotolera litadutsa, kapena galimoto yoimikidwa pamalo osaloledwa, ndipo wa lendi amayenera kutsatira malamulo awo ngakhale sanawaonepo. Pemphani mwini nyumba akupatseni malamulowo olembedwa. Muwerengenso za phokoso ndi za chipale chofewa, popeza ku Germany, mwachitsanzo, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa ndi nthawi yabata, makina otchetchera kapinga saloledwa Lamlungu, ndipo m'mayiko ozizira ambiri kuchotsa chipale panjira ya oyenda pansi ya kutsogolo kwa nyumba ndi udindo wa okhalamo.

Kalatayo ingakuthandizeninso kuyamba kulankhulana ndi aneba. Madzulo oti mawa lake kukubwera otola zinyalala, pafupifupi nyumba iliyonse imatulutsa munthu wokoka bini kupita nayo m'mbali mwa msewu, ndipo mwina ndi nthawi yokhayo pamlungu imene anthu a mumsewu wanu amaoneka wapansi. Tulukani nthawi imeneyo, mupereke moni, mutchule dzina lanu, munene kuti ndinu atsopano, ndipo mufunse kuti mabotolo agalasi amalowa m'bini iti. Safunsa anadya phula, ndipo munthu amene amachita manyazi kuyambitsa macheza amasangalala akafunsidwa chinthu chimene akuchidziwa bwino. Musatalikitse nkhani tsiku loyambalo. Dzina lake mulilembe penapake mukalowa m'nyumba, kuti mlungu wotsatira mudzamupatse moni momutchula dzina.

Sindikunena kuti tsankho kulibe. Lilipo, ndipo mungalizindikire ngati madandaulo akubwera kwa inu nokha pa zinthu zimene enanso akuchita, ngati pali mawu onyoza mtundu kapena khungu lanu, kapena ngati mwini nyumba wayamba kukuikirani malamulo amene sali mumgwirizano wa lendi. Zikatero sungani kalata iliyonse, lembani tsiku ndi zimene zanenedwa, ndipo mukaonane ndi bungwe lothandiza anthu a lendi kapena obwera. Ku United States lamulo la mu 1968 limaletsa tsankho pa nkhani ya nyumba potengera mtundu, khungu, chipembedzo kapena dziko limene munthu anachokera, ndipo ku Britain lamulo la mu 2010 la kusasiyanitsa anthu limateteza chimodzimodzi. Koma kalata imodzi ya zinyalala si umboni wa zimenezi.

Popeza boma ndi makampani amalankhula nanu kudzera m'bokosi la makalata, tsegulani envelopu iliyonse tsiku lomwe yafika, ndipo imene simukuimvetsa mukafunse mlungu womwewo. Ku Germany munthu ayenera kukalembetsa adiresi yake kuofesi ya boma pasanathe milungu iwiri atalowa m'nyumba, ndipo kuyambira mu 2013 nyumba iliyonse imalipira ndalama ya wailesi ndi kanema za boma ngakhale mulibe TV. Ku United States anthu ambiri amene si nzika ayenera kudziwitsa ofesi yoona za olowa m'dziko pasanathe masiku 10 akasintha adiresi. Ku Britain msonkho wa khonsolo, umene unayamba mu 1993, kawirikawiri amalipira ndi wokhala m'nyumbayo. Koma wina akakuimbirani foni n'kunena kuti ndi wa boma, n'kukuopsezani kuti mumangidwa kapena kuthamangitsidwa mukapanda kutumiza ndalama lero lomwe, dulani foniyo, chifukwa amenewo ndi akuba amene amadziwa kuti wobwera kumene amachita mantha msanga.

Nkhani ya anzanu ndi imene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ambiri amaganiza kuti ubwenzi umafuna kukumana ndi munthu woyenera, pamene kwenikweni umafuna kukumana ndi anthu omwewo mobwerezabwereza. Mu 1950 akatswiri atatu, Leon Festinger, Stanley Schachter ndi Kurt Back, anafalitsa zimene anapeza atafufuza mabanja a ophunzira okhala m'nyumba za sukulu ya MIT ku Massachusetts. Anapeza kuti anthu ankapalana ubwenzi kwambiri ndi a khomo loyandikana nalo, ndipo amene zitseko zawo zinali pafupi ndi masitepe kapena mabokosi a makalata anali ndi anzawo ambiri a m'nyumba zam'mwamba, chabe chifukwa chakuti anthu ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Dera lanulo linamangidwa mochotsa kukumana kwamwayi kotereku, choncho muyenera kuchita kukukonza nokha. Sankhani malo awiri okha, ndipo muzipezekapo tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, mlungu uliwonse. Malaibulale ambiri a m'madera amenewa amakhala ndi nthawi yaulere yowerengera nthano ana aang'ono, ndipo mwana wanu wa zaka 4 ndi chifukwa chokwanira chopitira kumeneko. Pageti la sukulu nthawi yoweruka, pabwalo la masewera a ana, pakalabu ya mpira ya wa zaka 9 uja, kumalo opembedzera ngati ndinu wopembedza, ponseponse lamulo ndi lomwelo. Mlungu woyamba palibe adzakulankhuleni, wachitatu wina adzagwedeza mutu, ndipo pakapita miyezi iwiri wina adzakufunsani kuti mlungu watha munali kuti. Amene amapita malo khumi kamodzikamodzi amabwerera kunyumba ali mlendo paliponse.

Anthu ongodziwana nawo pang'ono amenewa musawaderere. Mark Granovetter anafunsa anthu a ku Newton, dera la kunja kwa mzinda wa Boston, amene anali atangosintha ntchito, ndipo mu 1973 analemba kuti ambiri mwa amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu wina anatsinidwa khutu ndi munthu amene ankaonana naye mwa apo ndi apo. Mnzanu wapamtima amadziwa zimene inunso mukudziwa, pamene kholo lina la pageti la sukulu limadziwa dokotala wa mano amene akulandira anthu atsopano, makanika wokhulupirika, ndi ofesi imene ikufuna wantchito. Ngati chinenero chikukuvutani, makalasi ake ndi malo abwino kuposa onse, chifukwa aliyense m'chipindamo ndi wobwera. Australia inayamba kuphunzitsa Chingelezi anthu obwera mu 1948 ndipo pulogalamuyo ilipobe, Canada ili ndi makalasi aulere otchedwa LINC kwa amene apatsidwa chilolezo chokhazikika, ndipo ku Germany kuyambira mu 2005 kuli maphunziro othandiza obwera, amene masiku ano amatenga maola 600 a chinenero ndi maola 100 a malamulo ndi mbiri ya dzikolo.

Dziwaninso kuti kumadera amenewa kuchezerana kumachita kupangana. Munthu akanena kuti tidzaonane tsiku lina, amakhala akungosonyeza ulemu, ndipo zimathera pomwepo ngati palibe watchula tsiku. Inuyo tchulani tsikulo, munene kuti Loweruka likubwerali 3 koloko ana akasewere limodzi kupaki, ndipo wina akakana musakhumudwe, popeza kalendala ya mabanja ambiri imadzaza milungu ingapo pasadakhale. Anthu a kwanu amene ali m'dzikomo afunefuneni ndithu, chifukwa pali kutopa kwina kumene kumatha munthu akalankhula chinenero chake, koma pa nkhani za visa, msonkho ndi laisensi musadalire mawu akuti ife tinachita chonchi, popeza malamulo amasintha ndiponso mapepala awo angakhale osiyana ndi anu. Ndionjezepo, ngakhale simunafunse, kuti foni ingathe kumusunga munthu kumene anachokera tsiku lonse thupi lokha lili kuno, moti ndi bwino kuika nthawi yoimbira abale m'malo mokhala pa WhatsApp kuyambira m'mawa mpaka ana ataweruka.

Pa nkhani ya ana pali malamulo awiri amene agwetsa m'mavuto makolo ambiri achikondi. Loyamba ndi losiya ana okha. Popeza mulibe wachibale pafupi, mudzayesedwa kusiya wamng'ono m'manja mwa wamkulu kuti muthamangire kusitolo. Ku Maryland mwana wosakwana zaka 8 saloledwa kusiyidwa popanda womuyang'anira wa zaka zosachepera 13, ndipo ku England lamulo silitchula zaka, koma ndi mlandu kusiya mwana yekha ngati kutero kungamuike pangozi. Neba akaona ana awiriwo ali okha angathe kuimbira a boma asanalankhule ndi inu. Lachiwiri ndi la kumenya mwana pomulanga, kumene Sweden inaletsa mu 1979, Germany mu 2000, Scotland mu 2020 ndi Wales mu 2022, ndipo m'mayiko ambiri mphunzitsi amene waona chipsera kapena wamva mwana akunena za kumenyedwa amakakamizidwa kukanena. Kupatula apo, pitirizani kulankhula ndi ana chinenero chanu pakhomo, chifukwa chinenero cha kusukulucho adzachitola msanga kuposa inu, ndipo wa zaka 9 uja musamusandutse womasulira makalata a kubanki kapena mawu a dokotala. Zipatala ndi sukulu zambiri zimapeza womasulira mukapempha.

Ngati dzikolo ndi lozizira, nyengo yachisanu yoyamba ikonzekereni isanafike. Musayatse makala, chowotchera nyama kapena jenereta m'nyumba kapena m'galaja pofuna kupulumutsa ndalama za magetsi, chifukwa mpweya wake wakupha sununkha ndiponso suoneka, ndipo nyumba za kumeneko zimatsekeka mwakuti sutuluka. Onetsetsani kuti m'nyumbamo muli kachipangizo kochenjeza za utsi ndi ka mpweya umenewu, ndipo mabatire ake ndi amoyo. Ku Britain a zaumoyo amalangiza anthu kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yopanda dzuwa lokwanira, ndipo a khungu lakuda amalangizidwa kuganizira zomwa chaka chonse. Lembetsani banja lonse kwa dokotala wina aliyense asanadwale, ndipo mwana wamkuluyo aloweze adiresi ya nyumba ndi nambala ya zangozi, imene ndi 911 ku United States ndi ku Canada, 999 ku Britain, 112 m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, ndi 000 ku Australia. Kupukwa kumachitikira aliyense, koma ngati kwa milungu yoposa iwiri mukusowa tulo, simukufuna chakudya, mukungolira kapena palibe chimene chikukusangalatsani, amenewo angakhale matenda ovutika maganizo, ndipo dokotala ali ndi thandizo lake.

Bambo ayenera kumva zonsezi kuchokera kwa inu mosapita m'mbali, chifukwa iwo ali ndi anzawo akuntchito, amamva chinenero tsiku lonse, ndipo akafika usiku n'kupeza nyumba ili bwinobwino amaganiza kuti zonse zili m'malo. Mukhale ndi akaunti ya kubanki m'dzina lanu, dzina lanu lioneke pa mgwirizano wa lendi kapena pa bilu imodzi, chifukwa mapepala amenewa ndiwo umboni wa adiresi umene maofesi ambiri amafuna, ndipo mudziwe pamene pali pasipoti yanu ndi za ana. Werenganinso zimene visa yanu ikunena pa nkhani ya ntchito, popeza ena obwera motsatira mwamuna kapena mkazi wawo amaloledwa kugwira ntchito ndipo amakhala miyezi yambiri osadziwa.

Za kusamuka muziganizire mgwirizano wa lendi ukatsala miyezi itatu kuti uthe. Kuchoka nthawi isanakwane kungakuchititseni kulipira lendi ya miyezi imene simunakhalemo, kuphatikizapo dipoziti yatsopano, imene ku England imafika lendi ya milungu isanu ndipo ku Germany ya miyezi itatu. M'mayiko ambiri sukulu ya mwana imatengera adiresi, choncho kusamuka pakati pa chaka kungatanthauze kuti wa zaka 9 uja ayambirenso kupeza anzake kachiwiri m'chaka chimodzi. Nthawiyo ikadzakwana, muike pa pepala lendi pamodzi ndi zonse zimene galimoto imadya ndi maola amene bambo amathera panjira, chifukwa nyumba yotsika mtengo ya kutali nthawi zina imadzapezeka yodula kuposa ya pafupi. Ngati pofika nthawiyo laisensi muli nayo, muli ndi malo awiri amene mumadziwika, koma mukuonabe kuti moyo wa kumeneko sukukuyanjani, samukani popanda kudziimba mlandu. Musaganize kuti njira ndi ziwiri zokha, kumene muliko kapena mkati mwenimweni mwa mzinda. Mizinda yambiri ili ndi madera akale a m'mphepete, amene anamangidwa motsatira njanji galimoto zisanachuluke, ndipo amakhala ndi siteshoni, kamsewu ka masitolo ndi laibulale pamtunda woyenda pansi. Musanasaine pa nyumba ina iliyonse, pitaniko popanda galimoto, muyende ndi mwana wamng'onoyo kuchokera pakhomo kukafika posikira basi, kusitolo ndi kusukulu mukuyang'ana wotchi, ndipo muone pa ndandanda kuti basi yomaliza ya Lamlungu imadutsa nthawi yanji.